Kukonzanso lumo lakale lopinda ndi kulisemera chogwirira chatsopano

Malumo opinda amene agogo athu ankametera ndevu malezala otaya asanachuluke akupezekabe m'masutikesi akale m'makomo ena muno mu Lilongwe. Mukalitembenuza pakhosi pake, nthawi zambiri mupeza dzina la Sheffield, mzinda wa ku England, kapena Solingen wa ku Germany, kumene kunali amisiri odziwika posula malumo. Chitsulo chake chimachita dzimbiri msanga koma chimanoleka bwino kwambiri, ndipo chimene mwapalapo sichibwereranso, choncho ntchito yonseyi imafuna dzanja lopepuka.

Musanayambe, liyang'aneni padzuwa. Ngati kukamwa kwake kuli mng'alu, lisungeni ngati chikumbutso basi, chifukwa mng'aluwo umapitirira mukamanola. Ngati chogwirira chili cha pulasitiki yakale yotchedwa celluloid, ndipo dzimbiri lagwira mbali yokhayo imene imalowa m'chogwiriramo, dziwani kuti pulasitikiyo yayamba kuwola ndipo ikutulutsa mpweya wodya chitsulo. Chogwirira chotereco chichotsedwe tsiku lomwelo.

Pochotsa chogwirira, matani tepi kukamwa kwa lumo kuti lisakuchekeni, palani ndi tupa mutu wa kamsomali ka pakhosi kamene kamalumikiza lumo ndi chogwirira, kenako kakankheni ndi msomali woonda. Chogwirira chakalecho musachitaye msanga, chifukwa ndicho chidzakupatseni muyeso.

Dzimbiri lichotseni ndi manja, pogwiritsa ntchito sandipepa wa nambala 400 wodonthezera mafuta a makina osokera, kenako 600, 1000 mpaka 2000, osasintha nambala mizere ya sandipepa woyamba isanathe. Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapita nalo kwa owotcherera zitsulo kuti alipale ndi makina. Kukamwa kwa lumo ndi kopyapyala ngati pepala, kumatentha m'kanthawi kochepa, ndipo chitsulo chikangosanduka chabuluu ndiye kuti chafewa, sichidzasunganso kuthwa. Ine timadontho takuda totsala pafupi ndi msana ndimatisiya, pakuti kuthamangitsa kadontho kalikonse kumafufuta dzina la wosula ndi kudya chitsulo chimene chikanameta zaka zina zambiri.

Mtengo wa chogwirira ukhale wolimba ndi wouma ndithu. Zidutswa za mlombwa zotsala kwa akalipentala zimakwana, ndipo phingo, amene osema ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town amamudziwa bwino, ndi wabwino koposa ngakhale amabunthitsa zida. Chekani timatabwa tiwiri tochindikala mamilimita atatu, timatitseni ndi guluu pang'ono mutaika pepala pakati kuti tidzalekane mosavuta, jambulanipo chogwirira chakale, ndipo tisemeni ndi kutiboola tili pamodzi kuti mabowo alingane. Mukatilekanitsa, tisalazeni ndi kutipaka vanishi mkati ndi kunja, popeza lumo limakhalira kunyowa.

Kanthu kamene kamanyozeka ndi kamphero kokhala kumchira, pakati pa timatabwa tiwirito. Kasakhale kofanana mbali zonse: kachindikale kumbali yoyang'ana lumo, kapyapyale chakumapeto. Kupendekera kumeneku ndiko kumakhotetsa timatabwa pang'ono ngati uta, kuti tigwire khosi la lumo mwamphamvu ndi kuliimitsa lisapyole kunsi potseka. Kamphero kakakhala kafulati, lumo limagwedera ngakhale mukhome chotani. Nyanga ya ng'ombe imapanga kamphero kokongola.

Timisomali tidulidwe ku waya wa mkuwa wa mamilimita 1.6, ndi timawashala kunja konse kuwiri. Siyani pafupifupi milimita imodzi yotulukira mbali iliyonse, tsamiritsani pachitsulo, ndipo khomani ndi kanyundo kakang'ono mopepuka, kambirimbiri, mukutembenuza. Kumenya kamodzi mwamphamvu kumapinda kamsomali mkati ndi kung'amba thabwa. Muziima kawirikawiri ndi kutseka lumo mwapang'onopang'ono, kuona ngati likulowa pakatikati osakhudza mtengo.

Ponola, msana ndi kukamwa zigone pamwala nthawi imodzi, chifukwa msanawo ndiwo umasunga mapendekeredwe oyenera. Musalidzutse ngati mpeni wa kukhitchini. Yambani ndi mwala wonolera wa nambala 1000 mpaka litayamba kumeta ubweya wa pamkono, kenako 4000 ndi 8000, kukamwa kuli patsogolo. Pa lamba wachikopa womalizira kunola zimatembenuka: msana ndiwo umatsogola, apo ayi mudula lambayo. Musanalifikitse patsaya lipukuteni ndi spiriti, ndipo musabwerekane ndi munthu wina, chifukwa matenda oyenda m'magazi amafala kudzera m'malumo. Mukatha kumeta liumitseni bwino, makamaka pakhosi pamene madzi amabisala, ndipo m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, lipakeni kadontho ka mafuta musanalitseke.