Momwe mungakhalire ndi pistol yachitsulo kuno ku Mzuzu osaiwononga ndi dzimbiri

Anzanga angapo a mashopu ndi mafamu akhala akundifunsa za mfuti yanga, momwe ndinaipezera, momwe ndimaisungira, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Yanga ndi CZ 75 yakale ya 9mm, thupi lake lonse ndi chitsulo, osati zija zapulasitiki zachuluka masiku anozi. Mtunduwu anaukonza ndi abale awiri, Josef ndi František Koucký, mu 1975 ku fakitale ya ku Uherský Brod dzikolo likadali Czechoslovakia. Yopanda zipolopolo imalemera pafupifupi kilo imodzi, magazine yake, kabokosi kosungira zipolopolo, imalowa zipolopolo 15, zatsopano za 75 B zimalowa 16. Kulemerako ndiye ubwino wake, ikalira sidumpha kwambiri m'manja. Koma chitsulo chimadana ndi chinyontho, ndipo kuno ndi ku Mzuzu, ndiye nkhani yaikulu ili pamenepo.

Choyamba, mapepala

Osayamba ndi kusaka mfuti, yambani ndi chilolezo. Lamulo lake ndi Firearms Act, Cap 14:08, ndipo zonse zimadzera kupolisi mpaka kwa Registrar of Firearms ku likulu la apolisi ku Area 30 ku Lilongwe. Mumayambira kupolisi ya kwanu konkuno, kudzaza mafomu, kufotokoza chifukwa chenicheni chomwe mukufunira mfuti, kenako iwo amafufuza mbiri yanu. Zimatenga nthawi, dekhani. Chilichonse chomwe mwapereka mupange fotokope ndipo lisiti lililonse musunge mufailo imodzi.

Apa ndinenepo za anthu ena. Mukangomveka kuti mukufuna mfuti, sipatha sabata wina akupezani pamalo omwera tiyi kapena kudepoti nkumati bwana ndili nayo yabwino yotchipa, mapepala tidzakonza pambuyo. Mukaneni pomwepo. Mfuti yotero simudziwa kuti inachita chiyani isanafike kwa inu, ndipo tsiku lomwe idzapezeke m'nyumba mwanu milandu yake yonse idzakhala yanu. Ine yanga ndinagula kwa bambo ena opuma pantchito omwe anali ndi laisensi yawo, tinapita tonse kupolisi, nambala ya pa mfuti anaiyerekeza ndi ya m'mapepala, umwini unasinthidwa bwinobwino. Nambalayo muione ndi maso anu, ikaoneka yopalidwa kapena yosindikizidwanso musaigwirenso nkomwe. Zipolopolo chimodzimodzi, muzigula kwa ogulitsa ovomerezeka, zili m'bokosi mwake. Inde zadula, chibwerereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, koma zija zoyoyola m'jumbo zosadziwika chaka chake, zina zobiriwira kumatako, zingakuphulitsireni mfuti m'manja.

Chachiwiri, posungira

Mfuti isanalowe m'nyumba sefu ikhale ilipo kale. Zogula m'mashopu zabwino ndi zodula, zotchipa zija zamabatani chitsulo chake nchopyapyala ngati lata. Ine ndinapita kwa owotcherera ku Luwinga anandipangira bokosi lachitsulo chokhuthala, mahinjesi ali mkati, ndipo ndinalimanga kukhoma ndi mabawuti anayi. Sindinawauze kuti ndi la chiyani, ndipo inunso musamauze anthu. Zipolopolo zikhale pena potsekanso paokha. Kiyi muziyenda naye, osati kumubisa pamwamba pa wadiropu, ana amadziwa malo onse obisa zinthu m'nyumba kuposa inu.

Chachitatu, dzimbiri

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ine zinandivuta. Amene mwakhalitsa kuno mukudziwa kuti mvula ya ku Mzuzu simatha mu March ngati kumwera, imapitirira mpaka April, May, kenako June ndi July kumabwera mvumbi ndi nkhungu ija yoti m'mawa ukaima ku Katoto suona patali. Zovala siziuma, nsapato zimamera nkhungu pansi pa bedi. Ine ndinkadziwa zonsezi koma sindinaganize kuti chinyontho chingalowe mubokosi lachitsulo lotseka.

Chaka choyamba ndinaombera mu April, ndinaipukuta pang'ono ndi kansalu kouma, nkuilowetsa mu holster yachikopa, kathumba konyamulira mfuti, holsteryo nkuika mukabokosi kapulasitiki kokhala ndi siponji, kabokosiko musefu. Ndinkaona ngati ndaisamala kwambiri. Sefu ija ndinali nditaimanga kukhoma lakunja, mbali yomwe mvula imaomba. Kenako kunabwera maliro kumudzi, ntchito, ndinatha miyezi itatu osatsegula. Tsiku lomwe ndinatsegula mu July ndinayamba kumva fungo lachinyontho, ndikusolola mu holster muja ndinapeza pa slide, chitsulo chapamwamba chija chimatsetsereka, pali chidindo cha chala changa chachikulu, mizere yake yonse ikuoneka, koma yofiira. Thukuta lili ndi mchere, pomwe ndinagwira komaliza mpomwe dzimbiri linayambira. Kutsogolo komwe chikopa chimakhudza kunali timadontho tofiirira ngati wina wawaza ufa wa njerwa. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa bambo aja anaisunga zaka zambiri ilibe banga.

Ndiye m'malo mofunsa ndinathamangira kukhitchini nkutenga sitiliwaya wotsukira mapoto. Musachite zimenezi chonde. Dzimbiri linachoka inde, koma linachoka pamodzi ndi utoto wakuda uja amati bluing, panatsala chigamba choyera chokalika, ndipo chitsulo chosaphimbacho ndi chomwe chimachita dzimbiri msanga kuposa kale.

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa madala ena omwe anagwira ntchito yausilikali zaka zambiri. Anaitembenuza, nkundifunsa, "Mwana wanga, zogwirira izi munayamba mwamasulapo?" Ndinati ayi bambo. Anatenga sikuludiraiva nkumasula zogwirira ziwiri zija, kunsi kwake kunali koipa kuposa kunja, dzimbiri lokhuthala m'mbali monse momwe thukuta la m'manja limatsikira nkukhazikika. Magazine nayo sipuling'i yake inali itayamba kufiira. Anati, "Mfuti siigona m'chikopa. Chikopa ndi choyendera."

Zomwe anandiphunzitsa ndi izi, ndipo ndazitsatira kuyambira pamenepo. Pomwe pachita dzimbiri muthirepo mafuta a mfuti, musiye usiku wonse afewetse, mawa lake mupukute pang'onopang'ono ndi steel wool yosalala kwambiri yolembedwa 0000, ili yonyowa ndi mafuta, osakanikiza. Mukapukuta ndi nsalu yoyera muona ikufiira, mubwereze mpaka isiye. Timaenje tomwe dzimbiri ladya sitibwerera, tanga tilipo mpaka lero. Posunga, mfuti ikhale yokha pa kathabwa kapena m'nsalu yopaka mafuta, osati m'chikopa, osati pa siponji chifukwa zonsezi zimamwa chinyontho nkuchisunga pa chitsulo. Musefu muikemo silica gel, timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni, ine ndimapempha kwa anzanga ogulitsa nsapato m'tauni amandisungira ulere. Tikakhuta madzi mumatiumitsa mu uvuni pamoto wochepa nkutibwezeramo. Sefu ndinaisamutsira kukhoma lamkati, yokwera kuchoka pa simenti. Ndipo nthawi iliyonse mukaigwira, ngakhale kungoisuntha, muipukute ndi kansalu kamafuta nkuibwezera mutaigwira ndi kansaluko, chala chisakhudzenso chitsulo. Kuyambira December mpaka July ndimatsegula Lamlungu lililonse.

Za mafuta, gulani enieni a mfuti, kabotolo kamodzi kamatha chaka. Akasowa, oyilo wa makina osokera amathandiza kwa kanthawi. Mafuta ophikira ayi, amauma nkumata ngati ulimbo. Palinso ena amagulitsa timabotolo topanda chizindikiro amati ndi gun oil, mnzanga anagula kamodzi kankanunkha dizilo.

Chachinayi, kuchotsa zipolopolo ndi kutsuka

Ichi muchiloweze pamtima. Choyamba magazine ituluke, kenako ndiye mukokere slide kumbuyo, muyang'ane ndi maso mu chamber, momwe mumakhala chipolopolo kumbuyo kwa mpope, mulowetsenso chala. Mukasemphanitsa, kukoka slide magazine ikadali momwemo, ndiye kuti mwalowetsa chipolopolo china, ndipo mukachotsa magazine muziganiza kuti mulibe kanthu pomwe chimodzi chili mkati. Ngozi zambiri za mfuti zotere zimachitika pamenepa. Potsuka zipolopolo zisakhale m'chipinda momwemo.

Kumasula CZ 75 nkosavuta, kumbuyo mbali yakumanzere kuli timizere tiwiri, kena pa slide kena pa thupi, mumakoka slide pang'ono kuti tikumane, nkukankha slide stop, kachitsulo kogwira slide, kuchokera kumanja kuti itulukire kumanzere, slide imatsetsereka kutsogolo. Slide yake imayenda mkati mwa thupi, ndiye pogwira mpochepa, manja akhale ouma. Mpope muutsuke ndi burashi kuchokera kumbuyo, muuumitse, mafuta dontho dontho munjira za slide basi, osasambitsa.

Chachisanu, kuombera

Musaombere kuseri kwa nyumba ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa kuti mungoyesa, chipolopolo cha 9mm chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Funsani apolisi komwe mungaphunzirire movomerezeka, ndipo tsiku loyamba mupite ndi munthu wodziwa. Kuseri kwa chomwe mukuombera kukhale mulu waukulu wa dothi lofewa lopanda miyala, ndipo muzungulire kaye kuona ngati kulibe otola nkhuni kapena ana oweta ng'ombe. Zotseka m'makutu ndi magalasi muvale, phokoso lake limafika cha m'ma 160 decibels, kamodzi kokha kakhoza kukusiyirani kulira m'khutu kosatha. Zotseka za m'mashopu a hardware zimagwira ntchito ndipo nzotchipa.

Mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo, osailoza chinthu chomwe simukufuna kuononga, chala chikhale chowongoka pambali mpaka mutalunjika. Gwirani ndi manja awiri, dzanja likwere m'mwamba, zala zazikulu zonse mbali imodzi, osadutsitsa china kuseri kwa slide chifukwa ikabwerera imacheka. Yambani pa mamita 5 kapena 7, m'magazine muikemo zisanu zokha. Diso pa kolozera kakutsogolo, trigger, kokhethemulira kaja, muifinye pang'onopang'ono mpaka ilire yokha. Zipolopolo zikamagwera pansi chakumanzere ndiye kuti mukugwedeza dzanja poopa kulira kwake, pumani kaye. Ikalira mofooka mosiyana ndi nthawi zonse imani pomwepo, mwina chipolopolo chatsakamira mumpope, mukaomberanso china pamwamba pake mfuti imang'ambika.

Mukamaliza chotsani zonse monga ndanenera, tolani makoko a zipolopolo, sambani m'manja ndi sopo musanadye chifukwa cha mtovu, ndipo mutsuke mfuti tsiku lomwelo. Mowa ndi mfuti zisakumane, ndipo osabwereketsa wina aliyense ngakhale achimwene anu enieni, laisensi ndi ya dzina lanu. Laisensiyo imakonzedwanso chaka ndi chaka, ine ndinaika chikumbutso pafoni kutatsala mwezi umodzi, ndipo tsiku lomwelo ndimamasulanso zogwirira zija kuona kunsi kwake.