Mmene mungasankhire njira yotsekera bowo la mumtima

Dokotala akakuuzani kuti mwana wanu ali ndi bowo pa khoma lolekanitsa zipinda ziwiri za m'mwamba mwa mtima, vuto lomwe achipatala amalitcha ASD, choyamba funsani kuti bowolo ndi la mtundu wanji, lili pati, ndipo ndi lalikulu bwanji. Mayankho amachokera pa sikani yoonera mtima yotchedwa echo, ndipo ndi amene amasankha njira, osati mantha a chipsera.

Ngati bowo lili pakati pa khoma, mtundu wotchedwa secundum womwe ndi wofala kwambiri, nthawi zambiri limatsekeka popanda kung'amba chifuwa. Dokotala amalowetsa kapaipi mumtsempha wa m'mphechepeche, n'kukakankhira mpaka mumtima, kenako amatambasula kachipangizo ka mawaya, monga Amplatzer, kamene kamapana khoma mbali zonse ziwiri. Pamafunika kuti m'mphepete mwa bowo mukhale mnofu wa mamilimita osachepera 5 woti kachipangizoko kagwire, pakuti kakapanda pogwira kamatha kusuntha. Wodwala amatuluka m'chipatala mawa lake, koma ayenera kumwa asipirini kwa miyezi 6 ndi kubwerera ku sikani pa masiku amene apatsidwa.

Mabowo a mtundu wa primum (a m'munsi mwa khoma), ambiri a sinus venosus (a pafupi ndi pomwe mitsempha ikuluikulu imalowera mumtima), komanso aakulu kwambiri amafuna opaleshoni. Apa amadula fupa la pachifuwa, makina amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo, ndipo bowo limasokedwa kapena kuikidwa chigamba chochokera ku nembanemba yokuta mtima wa wodwala yemweyo. Musaione ngati njira yotsalira, chifukwa yakhala ikuchitika kuyambira mu 1952, pamene dokotala wina, F. John Lewis, anatseka bowo lotere ku Minnesota m'dziko la America, ndipo zotsatira zake n'zabwino kwambiri. Funsaninso ngati angathe kucheka pang'ono kumbali yakumanja kwa chifuwa m'malo modula fupa. Fupa lodulidwa limapola pa masabata 6 mpaka 8, ndipo mwana akatentha thupi, kusanza kapena kubanika m'masabata oyambirira, thamangirani naye kuchipatala chifukwa madzi angakhale akusonkhana kuzungulira mtima.

Chimene ndikuchondererani n'chakuti musazengereze poona kuti mwana akusewera bwinobwino. Bowo lalikulu likasiyidwa kwa zaka zambiri limakulitsa mbali yakumanja ya mtima ndi kuwononga mitsempha ya m'mapapo, ndipo zikafika poipa silingatsekedwenso mwa njira iliyonse.