Momwe mungayendere St Petersburg nyengo ya usiku woyera osagona panja

Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka pakati pa Julayi, dzuwa ku St Petersburg, mzinda wa ku Russia, limangolowa mwamwambo chabe. Pakati pa usiku kunja kumakhala ngati chisisira, ikamakwana 3 koloko kwayera kale. Eni ake amati belye nochi, usiku woyera, ndipo zikondwerero zikuluzikulu za mzindawu zimaunjikana nyengo imeneyi. Ine ndinapitako mu Juni kukaona mphwanga amene akuphunzira kumeneko.

Za visa ndi ndege mukudziwa kale. Chokha chimene ndinganene n'chakuti makhadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja anasiya kugwira ntchito ku Russia mu 2022. Nyamulani madola m'manja, atsopano, osakwinyika ndiponso osalembedwa, mukasinthe ku banki. Wina akakunong'onezani pamsewu kuti ali ndi mtengo wabwino, musamumvere. Mukatera pa bwalo la ndege la Pulkovo musakwere takisi ya anthu okuthamangirani pakhomo aja. Itanani takisi kudzera pa pulogalamu ya pafoni ya Yandex Go, kapena kwerani basi yopita ku siteshoni ya metro (sitima yapansi pa nthaka) ya Moskovskaya, mugule khadi yolipirira basi ndi metro ya Podorozhnik, basi nkhani ya mayendedwe yatha.

Choyamba: sankhani kogona mukuyang'ana mtsinje

Mfumu Peter Wamkulu anayamba kumanga mzindawu mu 1703 pamadambo pomwe mtsinje wa Neva umathira m'nyanja, ndiye ndi mzinda wa zilumba. Masana simungazindikire, chifukwa milatho ili ponseponse. Koma nyengo imene mtsinje suli wouma ndi chisanu, usiku uliwonse milatho ikuluikulu ya pa Neva amaikweza pakati kuti sitima zapamadzi zonyamula katundu zidutse. Mlatho umagawika pawiri, mbali zonse n'kuimirira chilili, msewu ndi mapolo a magetsi omwe.

Ine ndinapeza chipinda chotchipa pachilumba cha Vasilyevsky. Mphwanga anati, "Achimwene, chipindachi n'chabwino, koma muzisamala milatho." Ndinangoti eya, ndikuganiza kuti akunena za akuba.

Usiku wachiwiri ndinapita ndekha kukaonera mlatho wa Dvortsovy ukukwezedwa. Aliyense amati malo abwino oonera ndi mbali ya Hermitage, nyumba yachifumu yoonetseramo zithunzi ndi zinthu zakale imene ili tsidya lina la mtsinje, ndiye ndinawoloka wapansi cha m'ma 11 koloko n'kukaima kumeneko. Kunali khamu la anthu, anyamata a magitala, maboti ang'onoang'ono atadzaza mtsinje. Itangodutsa 1 koloko nyimbo zinayamba, mlatho n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, nsonga yagolide ya linga la Peter ndi Paul ikuonekera pampata. Ndinajambula mpaka foni kutentha. Anthu atayamba kubalalika ndi pamene ndinatembenuka kuti ndizipita, n'kuona kuti njira yanga ndi imene yaimirira m'mwambayo.

Ndinathamangira ku mlatho wa Blagoveshchensky kumunsi kwake, nawo anali ataukweza. Metro imatseka itangodutsa 12 koloko ndipo sitsegula mpaka cha m'ma 5:30. Bambo wina wa galimoto anandiimira n'kundiuza ndi manja kuti angandizungulitse kudzera msewu wolipira wa ZSD, umene umafika pachilumbacho kuchokera kunyanja ndipo suukwezedwa. Mtengo umene anandilembera pafoni unkaposa wa chipinda chija. Ndinakana, ndipo sindikudandaula. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi ichi: mlatho wa Dvortsovy amautsitsa kanthawi ikamayandikira 3 koloko, mphindi pafupifupi 20, kuti otsalira awoloke. Ine sindinkadziwa. Nthawi imeneyo n'kuti ndikumwa tiyi m'kanyumba kena pa msewu waukulu wa Nevsky Prospekt, ndikudzimvera chisoni. Pobwerera ndinapeza aukwezanso. Ndinakhala pabenchi, mphepo yochokera ku nyanja ya Finland ikundilowa m'mafupa, ndili ndi shati yokha chifukwa masana kunatentha. Ndinawoloka kutatsala pang'ono 5 koloko, dzuwa lili phwee.

Ndiye chitani izi. Ngati mukugona pakatikati pa mzinda, mbali ya Nevsky, oneerani mlatho kumbali ya Hermitage. Ngati mukugona ku Vasilyevsky kapena ku Petrogradskaya, oneerani kwanu komweko, amaoneka bwinobwino. Ndondomeko ya nthawi imatulutsidwa ndi a Mostotrest, oyang'anira milatho, ndipo mlatho uliwonse uli ndi nthawi yakeyake. Ijambuleni muisunge m'foni, musadalire intaneti yausiku. Juzi ndi ambulera zisachoke m'chikwama.

Kuonera muli m'boti n'kokoma kuposa, koma samalani ndi madobadoba a zimkuzamawu amene amaima pamilatho ing'onoing'ono ya pa Nevsky. Funsani ngati botilo likutulukiradi mu Neva kapena lingozungulira m'ngalande, komanso kuti likakutsitsani mbali iti. Alipo enanso ovala ngati Peter Wamkulu ndi mfumukazi Catherine. Amakukumbatirani mwansangala, mukajambula ndiye mtengo umatuluka. Chimodzimodzi a nkhunda zoyera.

Chachiwiri: Hermitage

Gulani tikiti pa tsamba lawo lenileni, ya ola limene mukufuna kulowa, ndipo Lolemba n'kotseka. Catherine Wamkulu anayamba kusonkhanitsa zithunzizi mu 1764, pano muli zinthu pafupifupi 3 miliyoni, ndiye musadzinamize kuti muona zonse. Sankhani zinayi kapena zisanu. Ine ndinakwera masitepe a Jordan, ndinaona wotchi yagolide ya nkhanga ya pikoko, zithunzi ziwiri za Leonardo da Vinci, kenako ndinakhala nthawi yaitali pa chithunzi cha Rembrandt cha mwana wolowerera. Nkhaniyi tonse tinaimva ku Sande sukulu, koma kuona zidendene za mnyamatayo, nsapato imodzi itavuka, manja a bambo ake ali pamsana, ndi zina. Zithunzi za Matisse ndi anzake zili m'nyumba ya General Staff tsidya la bwalo. Ndinalibe mphamvu zofikako.

Mukamva chiphokoso 12 koloko masana musagwe pansi, ndi mzinga wa ku linga la Peter ndi Paul, amauwomba tsiku lililonse. Chakudya idyani mu stolovaya, momwe mumatenga thireyi n'kumaloza chimene mukufuna. Malo odyera oyang'anizana ndi nyumba zachifumu amadula kopanda chifukwa. Mukafika mu Meyi mupeza koryushka, kansomba kokulirapo kuposa usipa, kamene kakakhala kakawisi kamanunkhira ngati nkhaka.

Chachitatu: zikondwerero

Chotchuka kwambiri ndi Alye Parusa, matanga ofiira, chakumapeto kwa Juni. Ndi cha ana omaliza sekondale, chinayamba mu 1968, chinazimirira, n'kubwereranso mu 2005. Chombo cha matanga ofiira chimadutsa pa Neva usiku makombola akuphulika. Dziwani kuti bwalo la Palace Square ndi malo abwino a m'mphepete mwa mtsinje amasungira anawo, olowa ndi makalata oitanidwa. Ogulitsa makalata amenewa pa intaneti musawapatse ndalama. Enafe timaonera patali, ndipo mufike dzuwa likadali m'mwamba chifukwa misewu amatseka msanga.

Ku nyumba ya zisudzo ya Mariinsky kumakhala Stars of the White Nights, chikondwerero cha gule wa ballet ndi zisudzo zoimba za opera chimene wotsogolera oimba Valery Gergiev anayambitsa mu 1993. Matikiti amatha masabata angapo zisanachitike. Yang'anitsitsani tikiti yanu, chifukwa pali nyumba yakale ndi yatsopano ya 2013, zoyandikana, ndipo anthu amasochera.

Zotsalazo

Peterhof, nyumba yachifumu ya kunja kwa mzinda: akasupe ake amatumphuka popanda pampu, madzi amangotsika okha kuchokera kumtunda. Boti la Meteor limanyamuka pafupi ndi Hermitage, mphindi 40 mwafika, koma n'lodula. Pitani pa boti, mubwerere pa basi yofikira ku Avtovo, muonerenso siteshoni ya metro yokongolayo osalipira china.

Tchalitchi cha Spas na Krovi anachimanga pamalo pomwe mfumu Alexander II anamuphulitsira bomba mu 1881, mkati monse ndi zithunzi za timiyala. Lachitatu n'kotseka, chimodzimodzi tchalitchi cha Isaac Woyera, chimene muyenera kukwera masitepe 262 kuti muone mzinda wonse. Za nyumba yachifumu ya ku Tsarskoye Selo ndi chipinda chake chokutidwa ndi amber (utomoni wouma ngati mwala) ndinangomva kwa mphwanga, tsiku lake ndi lija ndinagona mpaka madzulo nditachezera panja.