Momwe Mungasewerere Walker, Masewera Akale a pa Amiga

Walker ndi masewera omwe adapangidwa ndi kampani ya DMA Design ya ku Dundee, m'dziko la Scotland, ndipo adatulutsidwa ndi Psygnosis m'chaka cha 1993 kuti aziseweredwa pa makompyuta a Amiga. Wosewera amayendetsa chimakina chankhondo cha miyendo iwiri chokhala ndi mfuti ziwiri, ndipo nkhondo yake imayambira ku Berlin m'chaka cha 1944 n'kukathera m'zaka zam'tsogolo.

Ngati mulibe Amiga yeniyeni, ikani pulogalamu yotsanzira kompyutayi, monga WinUAE pa Windows kapena FS-UAE, yomwe imagwiranso ntchito pa Linux ndi macOS. Kuti masewerawa ayende bwino, pulogalamuyi imafunika fayilo ya Kickstart (pulogalamu yomwe imayatsa Amiga), ndipo njira yovomerezeka yoipezera ndi kugula Amiga Forever ya kampani ya Cloanto. Sankhani Amiga 500, muipatse memore ya 1 MB, kenaka mulowetse mafayilo a madisiki a masewerawa.

Chovuta chenicheni chili m'manja mwanu. Dzanja limodzi limayendetsa chimakinacho kutsogolo ndi kumbuyo pa kiyibodi, pamene linalo limalozetsa mfuti ndi mawusi, ndipo manja awiriwa ayenera kuzolowera kugwira ntchito zosiyana pa nthawi imodzi. Zindikiraninso kuti chimakinachi chimalowera kumanzere, pamene masewera ambiri a mtundu umenewu amapita kumanja, choncho poyamba maso anu azithamangira kumbali yolakwika. Musanaganize zopambana, yesererani kubwerera m'mbuyo uku mukuwombera chinthu chomwe chili m'mwamba, kufikira mutamachita zimenezi mosayang'ana pa kiyibodi.

Mukatero, phunzirani kusamala mfuti. Zipolopolo sizitha, koma mfuti zimatentha mukamawombera mosalekeza, ndipo zikatentha kwambiri zimaleka kulira kufikira zitazizira. Apa ndi pomwe ambiri amagonjera, chifukwa adani akachuluka chala chimakakamira pa batani, ndipo mfuti zimakhala chete nthawi yomwe kasinja wafika pafupi. Womberani pang'onopang'ono, mukudina ndi kusiya, diso limodzi lili pa chizindikiro cha kutentha. Chizindikirocho chikakwera, bwererani masitepe angapo m'mbuyo kuti mfuti zipume adani asanakufikeni. Ine ndimaona kuti kukoma kwa Walker kwagona pamenepa, popeza amene amapita patali ndi wodekha, osati wa chala chofulumira.

Si mdani aliyense woyenera kumuthera mphamvu. Asilikali oyenda pansi ndi ang'onoang'ono ngati nyerere (DMA Design ndi imene idapanganso masewera a Lemmings mu 1991, ndipo luso lake lojambula tianthu tating'ono likuoneka bwino pano), ndipo omwe afika kumapazi a chimakinacho mukhoza kungowaponda. Mfuti muzisungire magalimoto ankhondo ndi ndege, chifukwa zimenezi ndi zomwe zimawononga chitetezo chanu msanga. Asilikali otsika ndi maparachuti ndi bwino kuwawombera akadali m'mwamba, asanatere n'kubalalika.

Musathamangire kutsogolo. Adani amatulukira m'malo omwewo nthawi iliyonse mukayambiranso, choncho mukagonja, kumbukirani chomwe chidakugwetsani ndi mbali yomwe chidachokera, kuti ulendo wotsatira mudzafikepo mfuti zili zozizira ndiponso zitaloza kale kumeneko.