Musathamangire merge pa Hibernate

Anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Harare, ndikugawireni zomwe zinandidyera masiku awiri pa kapulogalamu ka shopu ina ku Mbare, kogwiritsa ntchito Hibernate, chida cha Java chosungira ma object mu database. Munthu akatsegula fomu, session (momwe Hibernate amasungamo ma object omwe akuwayang'anira) imatsekedwa, ndiye object yomwe munatenga mu database ija imakhala detached: Hibernate saiyang'aniranso. Akadina kuti asunge, ambirife timangoiponya mu merge, njira ya Hibernate yobwezera zomwe zili mu object yotere ku database.

Vuto lake, merge imakopera chilichonse chomwe chili mu object imeneyo, ngakhale malo opanda kanthu. Fomu yanga inalibe malo a nambala ya foni, ndipo manambala a makasitomala anafufutika mwakachetechete. Komanso merge siilumikizanso object mwaipatsayo, imakubwezerani ina. Mukapitiriza kusintha yakale ija, mukungotaya nthawi, palibe chikusungidwa.

Chomwe ndimachita tsopano: ndimatsegula transaction, ndikutenga object yatsopano ndi find pogwiritsa ntchito id, kenako ndimasintha zokhazo zomwe zachokera pa fomu. Pa commit, pomaliza transaction, Hibernate amaona yekha zomwe zasintha n'kuzilemba. Ena amati SELECT yomwe find imachita powerenga mu database n'kuwononga nthawi, koma merge nayonso imachita SELECT ngati object mulibe mu session, ndiye simukutaya kalikonse. Chimachuluka ndi mizere yoti mulembe basi.

Ikaninso @Version, yomwe imapatsa object nambala yosintha nthawi iliyonse zosintha zikasungidwa, ndipo nambala yake muziitumiza pa fomu n'kuiyerekeza nokha ndi ya mu database, kuti anthu awiri akasintha zinthu zomwezo, wachiwiriyo akanidwe. Za update ndi saveOrUpdate, njira zakale zolumikiziranso object ku session, zisiyeni, Hibernate 6 inanena kale kuti zikutha.