Musanalipire dobadoba wa ntchito za pa zilumba za Polynesia, werengani izi

Abale anga a ku Joni, ku Cape Town ndi ku UK, wina akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule yolowera ku New Zealand kapena ku Australia kudzera pa zilumba za Polynesia, za m'nyanja ya Pacific, musafulumire kutumiza ndalama. Nkhani yake imakoma m'khutu: mupite kaye ku Cook Islands, ku Samoa kapena ku Tonga, mukagwire mu hotela chaka chimodzi, mapepala akatuluka muoloke. Limeneli ndi bodza, ndipo limaonekera poyera mukangodziwa kuchuluka kwa anthu a kumeneko, mmene amalamulidwira ndi kumene ndalama zawo zimachokera. Dobadoba amadalira zoti simufufuza.

Dziko lonse la Tuvalu lili ndi anthu pafupifupi 11,000 pa zilumba 9, zimene zonse pamodzi ndi masikweya kilomita 26 okha. Boma la Likoma palokha lili ndi anthu ambiri kuposa pamenepo. Ku Niue sakwana 2,000. Ku Tokelau alipo pafupifupi 1,500, kulibe bwalo la ndege, ndipo munthu amakafikako pa sitima yochokera ku Apia, likulu la Samoa, ulendo wa tsiku lathunthu pa nyanja. Cook Islands ili ndi anthu pafupifupi 15,000, Tonga 100,000, Samoa kungopitirira 200,000. Ndiye munthu akamati hotela ina kumeneko ikufuna gulu la Amalawi nthawi imodzi, mufunseni dzina la hotelayo ndi nambala ya zipinda zake. Muona akusintha nkhani.

Chachikulu n'chakuti eni ake enieniwo akutuluka. Anthu ochokera ku Niue amene ali ku New Zealand amaposa 30,000, a ku Cook Islands amaposa 80,000. Ku Tonga ndalama zotumizidwa ndi abale a kunja zimaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse cha dziko. Boma la Tuvalu limayendera ndalama za ziphaso zimene limagulitsa kwa sitima zakunja zopha nsomba za tuna, ndalama zobwereketsa dzina la pa intaneti la .tv, ndi thumba lotchedwa Tuvalu Trust Fund limene linakhazikitsidwa mu 1987. Ntchito zambiri zamalipiro a pamwezi ndi za boma, ndipo boma limalemba ana a eni dziko. Mlendo amene amaitanidwa ndi dokotala, namwino, mphunzitsi kapena injiniya, pa kontilakiti ya zaka zowerengeka.

Kumene kuli kachoonadi pang'ono ndi ku Cook Islands, ndipo n'chifukwa chake bodza limakonda kubisala pamenepo. Chuma cha ku Rarotonga, chilumba chachikulu cha dzikolo, chimadalira alendo odzaona malo, manja ndi ochepa, moti mahotela amalembadi anthu ochokera ku Fiji ndi ku Philippines. Koma pemiti yake imamangidwa pa bwana amene wakulembaniyo. Mukayambana naye, pemiti ili pa ngozi, ndipo hotela yotsatira mwini wake mwina ndi msuweni wa bwana yemweyo. Pa chilumba chimene basi imachizungulira chonse pasanathe ola limodzi palibe kothawira.

Tsopano mvetsetsani za boma, chifukwa madobadoba amasokoneza dala pamenepa. Cook Islands inayamba kudzilamulira mu 1965, Niue mu 1974, zonse zili pa mgwirizano ndi New Zealand, ndipo anthu ake ndi nzika za New Zealand. Zimenezo n'zoona. Chimene sakuuzani n'chakuti chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, ya mipando 24 ku Cook Islands ndi 20 ku Niue, komanso malamulo akeake a olowa ndi otuluka. Pemiti ya ku Rarotonga sikupatsani ufulu wokhala kapena kugwira ntchito ku Auckland, mzinda wa ku New Zealand, ngakhale tsiku limodzi. Kuti mlendo wonga inu apemphe chilolezo chokhazikika ku Cook Islands ayenera kukhalako zaka 10, osati chaka chimodzi chija. Ndipo amayi, musanamizidwe kuti mukakaberekerako mwana ndiye mwatsegula khomo: kuyambira pa 1 Januwale 2006 mwana sakhala nzika ya New Zealand pongobadwirako, pokhapokha kholo limodzi likhale nzika kapena lokhazikika mwalamulo.

Makomo enieni alipo, koma si athu. Samoan Quota imalola anthu 1,100 pachaka kukakhazikika ku New Zealand, ndipo imafuna nzika ya Samoa yobadwira komweko kapena yobadwa kwa kholo lobadwira komweko. Pacific Access Category ndi ya Tonga, Fiji, Tuvalu ndi Kiribati. Pangano la Falepili Union la mu 2023 limalola nzika za Tuvalu 280 pachaka kupita ku Australia. Ntchito zothyola zipatso za RSE ku New Zealand, zimene zinayamba mu 2007, ndi za PALM ku Australia, anazikonzera maiko a m'chigawo chimenecho. Dzina la Malawi mulibemo.

Mmene amadyera ndalama zathu ndi chonchi, ndipo n'zowawa chifukwa kawirikawiri amakhala Mmalawi mnzako, wolankhula mwaulemu, wodziwa dzina la mudzi wakwanu. Amayamba ndi kandalama kochepa ka "kulembetsa", kakuti munthu sungadandaule nako. Pakapita masiku amatumiza chithunzi cha kalata ya ntchito, ili ndi chidindo ndi mtengo wa kokonati pamwamba, koma imelo ya kampaniyo ndi ya Gmail. Mtima ukagwa pansi amayamba kufuna ndalama ya chipatala, ya inshuwalansi, ya "munthu wathu wa mkati". Amakukanizani kuimbira hotelayo, ati mungaononge dongosolo. Amafuna pasipoti yeniyeni, osati fotokope. Ndalama zimapita pa nambala ya foni ya munthu wina, dzina losiyana ndi lake, lisiti palibe.

Kenako tsiku la ulendo limayamba kusuntha. Lero kwagwa namondwe, mawa nduna yasinthidwa, mkuja pemiti yatha mphamvu ndipo pakufunika ina. Inu mwalowa kale katapila, kumudzi agulitsa ng'ombe, ndiye mumaonjezera poopa kutaya zoyamba zija. Tsiku lina chithunzi chake chimangozimiririka pa WhatsApp. Mukapita kukadandaula, amene mulibe mapepala a dziko limene mukukhalalo mumaopa kuyandikira polisi, ndipo iye anadziwiratu zimenezo pokusankhani. Choipitsitsa n'chakuti pasipoti yapita naye, ndipo kupeza ina muli kunja nonse mukudziwa mmene kumavutira.

Amene amafikadi pa chilumba kudzera mwa anthu otere nawonso sanapulumuke. Ku American Samoa kunali fakitale yosoka zovala ya Daewoosa, kumene anthu oposa 200 a ku Vietnam ndi ku China, amene analipira ndalama zambiri kuti apeze ntchitoyo, ankatsekeredwa, kumenyedwa ndi kumanidwa chakudya. Mwini wake, Kil Soo Lee, analamulidwa mu 2005 kukhala m'ndende zaka 40. American Samoa ili pansi pa Amereka, koma ili ndi malamulo akeake a olowa ndi otuluka, choncho kukhala ku Pago Pago, likulu lake, sikutanthauza kuti mwalowa ku United States.

Enanu mukuganiza zokatsegula shopu kapena kugula kamalo. Iwalani. Ku Samoa pafupifupi magawo 80 pa 100 a nthaka ndi a mabanja, oyang'aniridwa ndi mafumu otchedwa matai, ndipo ngakhale woimira pa chisankho cha aphungu ayenera kukhala matai. Ku Tonga, kumene Mfumu Tupou VI yakhala pampando kuyambira 2012, malamulo amaletsa kugulitsa nthaka. Ku Cook Islands mlendo amangobwereka, zaka zosapitirira 60, ndipo mabanja eni malowo ayenera kuvomereza. Amene akukugulitsani puloti ya m'mbali mwa nyanja pa foni akukugulitsani mphepo.

Ngati muli ndi luso ndipo ntchito ndi yeniyeni, dongosolo lake ndi lachizolowezi: kontilakiti yosainidwa, kalata ya polisi, kuyezedwa ku chipatala, pemiti ituluke musanakwere ndege. Imbani nokha ku ofesi ya olowa ndi otuluka ya dzikolo, pa nambala yochokera pa tsamba la boma, osati yopatsidwa ndi dobadoba. Aliyense wopereka uphungu wa visa ya New Zealand, kaya ali ku Lilongwe kaya ku Joni, ayenera kukhala ndi laisensi ya Immigration Advisers Authority, kupatula maloya a kumeneko ndi ena ochepa amene lamulo linawapatula. Mayina a alaisensi ali pa intaneti, kufufuza ndi kwaulere. Chonde, fufuzani.

Samalaninso ndi njira. Ndege zambiri zopita ku zilumbazi zimadzera ku Auckland, Sydney kapena Nadi ku Fiji, ndipo pasipoti yathu imafuna visa yongodutsira ku Australia ndi ku New Zealand. Popanda imeneyo akubwezani pa kauntala ku Johannesburg, tikiti yapsa. Tikiti yobwerera ikhale m'manja mwanu, osati mwa bwana, pamodzi ndi ndalama zokwana miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa katundu wambiri m'masitolo amabwera pa sitima ndipo mitengo yake ndi yokwera. Pa zilumba zonsezi kulibe ofesi ya kazembe wa Malawi. Phiri la pansi pa nyanja la Hunga Tonga litaphulika pa 15 Januwale 2022, chingwe cha intaneti cha Tonga chinaduka ndipo chinatenga pafupifupi masabata asanu kuti chikonzedwe. Choncho musananyamuke siyirani m'bale mmodzi wodalirika fotokope ya pasipoti, pemiti, kontilakiti ndi nambala ya foni ya bwana wanu.