Kuchepetsa thupi mukugwira ntchito ya usiku ku Joni

Inu amene mumalonda kapena kuthira mafuta m'magalimoto usiku wonse, mdani wanu woyamba ndi tulo tochepa. Munthu wosagona mokwanira njala imamuvuta, ndipo ikamakwana 3 koloko mbandakucha mtima umangofuna magwinya (mandasi a ku Joni) ndi Coke.

Ndiye yambirani pa tulo. Mukaweruka m'mawa, tchingani zenera ndi bulangete lakuda, zimitsani foni, mugone maola 7. Khofi musiyeni patatsala maola 6 kuti mugone.

Chakudya chenicheni idyani musananyamuke: nsima mtanda umodzi, nyemba kapena nkhuku, masamba theka la mbale. Kuntchito nyamulani mazira awiri owiritsa, nthochi, mtedza wodzadza dzanja ndi botolo la madzi. Ndalama ya kota, buledi uja amaikamo tchipisi ndi soseji, isiyeni kunyumba.

Zolimbitsa thupi chitani mukadzuka masana. Ambiri amagwa ulesi chifukwa choyesa atangoweruka, thupi lili lefu. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kumakwanitsa mphindi 150 zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa. Pezani mnzanu woti muzidikirana pageti, makamaka mu June kukamazizira, chifukwa wina akamakudikira sunama. Loweruka lopuma, parkrun (kuthamanga kapena kuyenda pagulu) ya ku Delta Park mu Johannesburg ndi yaulere mukalembetsa pa intaneti: makilomita 5, 8 koloko m'mawa. Pasikelo kwerani kamodzi pa sabata basi.